Bokosi la Maloko Atatu Lipita ku Doha

Ndinanyamuka pa Nchalo Lolemba m'mawa dzuwa lisanayambe ukali wake, nditanyamula chikwama cha zovala ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu. Chikwamacho chinali changa. Bokosilo linali la amayi a banki m'khonde a m'mudzi wina wa m'mphepete mwa Shire, gulu lomwe ndaliyendera pa njinga yamoto kwa zaka zambiri. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kakang'ono kothandiza anthu a kuchigwa kusunga ndalama ndi kudzukanso madzi osefukira akawagwetsa. Abwana athu ndiwo anayenera kupita ku msonkhano wa ku Doha, koma pasipoti yawo inali itatha, ndiye mwayi unagwera ine amene ndege ndinkangoionera m'mwamba.

Ku msonkhanowo kunali anthu othandiza madera a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ife anatipatsa mphindi khumi Lachitatu nthawi ya 3 koloko masana. Iwo ankafuna kuti magulu athu asiye mabokosi n'kumasunga ndalama pa foni, poti bokosi limapita ndi madzi. Amayiwo foni sanaikane. Chimene anakana ndi chakuti nambala yachinsinsi ikhale ndi munthu mmodzi. Lamulo la banki m'khonde ndi lakuti wosunga bokosi sakhala ndi kiyi, makiyi atatu amagona m'nyumba zitatu zosiyana, ndipo bokosi silitsegulidwa atatuwo asanakwane. Tinalemba makalata kufotokoza zimenezi mpaka kutopa, koma mayankho ankabwera onena kuti nambala imodzi ndiyo yosavuta. Pamapeto pake Mai Thomu, wapampando wa gululo, anati ndingotenga bokosilo anthuwo akalione ndi maso.

Ine ndinkaganiza kuti andipatsa bokosi ndi makiyi ake, n'kundifunira ulendo wabwino. Ndinawadziwa molakwa. Pa siteji ndinapeza Mai Thomu ndi anzawo awiri osunga makiyi atavala za kutchalitchi, akuti andiperekeza mpaka ku Chileka. Minibasi inali K8,000 munthu mmodzi, ndipo kondakitala anafuna kuti bokosi lilipirenso mpando. Mai Thomu, mayi wamfupi wolankhula pang'onopang'ono, anangomuyang'ana n'kuliika pamiyendo pawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa Thabwa tinagula masau ndi chimanga chootcha, kenako galimoto inayamba kukwera phiri ikulira ngati mbuzi yomangidwa, chigwa chathu chikutsalira kumbuyo.

Ku Chileka wofufuza katundu anati bokosi litsegulidwe. Amayi atatu aja anamasula makiyi pa ngodya za zitenje zawo, ndipo Mai Thomu anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kukhoma. Ndinamva maloko akulira mmodzimmodzi. Bambo wofufuzayo anayamba waseka, kenako kuseka kuja kunatha, n'kunena motsitsa mawu kuti atseke. Nditatembenuka, amayiwo anakhala pa benchi n'kuyamba kusoka. Kiyi aliyense anamusokera m'kansalu kakekake.

Kiyi woyamba anati ndikapatse Agnes, mwana womaliza wa Mai Thomu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Doha komweko. Wachiwiri anali wa Lovemore, mwana wa mlongo wa mmodzi wa amayiwo, mlonda wa pa sitolo ku Doha konko. Wachitatu anati ndikamupezere ndekha munthu wooneka wokhulupirika, bola asakhale ine.

"Mukakasomola nokha, mwanangu," anatero Mai Thomu akundikonza kolala ya bulauzi, "bokosi mudzabweze, koma pa mphasa yathu musadzakhalenso."

Ananena mokoma ngati akundifunsa za kunyumba. Ndinalonjeza msanga, chifukwa mphasa imeneyo ndinaivutikira zaka ziwiri kuti andilole kukhalapo.

Za mu ndege sindinena zambiri. Ndinagwira mpando ndi manja awiri mpaka ku Addis Ababa, kumene tinasintha ndege, ndipo nkhuku imene anatipatsa inali yaing'ono moti kwathu mlendo akanadandaula. Tinatera ku Doha Lachiwiri kukucha. Anzanga onse anali atandiopseza za kutentha kwa kumeneko, koma nditatuluka panja ndinaseka ndekha. Munthu wa ku Nchalo wodziwa mwezi wa Okutobala samuopseza ndi dzuwa. Chimene chinandigonjetsa ndi kuzizira kwa m'nyumba zawo. Paliponse pamene pali denga pali makina ozizira, ndipo ndinatha masiku onse nditafunda chitenje ngati ndili ku Dedza.

Okonza msonkhano anandipezera kahotela ku Al Doha Al Jadeeda, dera la timasitolo tambirimbiri togulitsa mafoni, nsalu ndi zokometsera ndiwo. Ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka: khadi ndinagula mariyali khumi, ndalama za kumeneko, ulendo uliwonse mariyali awiri. Ndinakhala kutsogolo kwenikweni n'kupeza kuti woyendetsa palibe. Ndinayang'ana anzanga a m'sitimamo kuti mwina wina akuwa, koma aliyense anali pa foni yake. Ndinakumbatira bokosi n'kupemphera chamumtima.

Masana a tsiku lomwelo ndinabwerera ndi sitima masiteshoni awiri kupita ku Old Airport kukasaka Lovemore. Ndinamupeza pakhomo la sitolo yaikulu, mwamuna wamtali wa yunifolomu yosita bwino, akupereka moni kwa anthu a mitundu yonse. Nditamuuza kuti ndachokera ku Nchalo anavula chipewa, ndipo pa nthawi yake yopuma anandigulira tiyi wawo wotchedwa karaki, wamkaka wambiri ndi shuga wosaumira, wa riyali imodzi. Anandifunsa za aliyense wa kumudzi, mpaka za ng'ombe imene inathyoka mwendo iye asananyamuke. Nditamupatsa kansalu kaja anakagwira ndi manja awiri. Anati kiyi ameneyu azakhali ake ankagona naye m'chiuno, ndipo ali mwana anamenyedwapo chifukwa chongomukhudza.

"Mawa ndili pa duty, anti, koma mafi mushkila, palibe vuto," anatero. "Ndipanga swap ndi mnzanga wa ku Nepal. Koma Agnes mwalankhula naye? Aja a m'nyumba off yawo ndi Friday basi."

Apa m'pamene ndinazindikira kupusa kwanga. Ine ndinabwera ndi nzeru za kwathu, zoti munthu amangouza mnzake kuti andionereko pamotopo, n'kutuluka. Ndinaimba foni ya Agnes katatu osayankhidwa. Dzuwa likulowa analemba uthenga waufupi wakuti wasangalala kuti ndafika, koma mawa madamu ali ndi alendo a nkhomaliro, sangachoke.

Lachitatu m'mawa ndinakhala pa bedi la mu hotela, tinsalu tiwiri pamiyendo, lezala m'manja. Msonkhano unali utangotsala maola ochepa. Ndinadziuza kuti Nchalo ili kutali, palibe angaone ndikasomola ndekha kiyi wa Agnes, ndipo cholinga ndi kuthandiza amayi omwewo. Sindinganame kuti chikumbumtima chokha ndicho chinandigwira dzanja. Ndinkaopanso kuti Agnes adzauza mayi ake kuti kiyi sanamuone n'komwe. Mantha ndi manyazi zinathandizana, ndipo lezala ndinalibwezera m'chikwama. Ndinaganiza zopita ndekha kukapempha kwa madamuwo, andikanire pamaso.

Ku Al Hilal, kumene Agnes amagwira ntchito, ndinapita pa takisi cha m'ma 11 koloko. Ndili m'galimoto ndinkadzikalipira mokweza, monga ndimachitira zinthu zikandipanikiza. Dalaivala, bambo wa imvi za m'mbali, anandiyang'ana pa galasi.

"Amai, mukamba na ndani? Ine namva zonse."

Anali Bambo Zulu a ku Chipata. Ndinachita manyazi, koma iwo anaseka mpaka kugunda chiwongolero. Nditawafotokozera za bokosi sanafunse kawiri. Anati akazi awo ali m'gulu lotere kwawo, ndipo iwo, mwamuna wa m'nyumba, sanaonepo m'kati mwa bokosi lawo ngakhale tsiku limodzi.

Al Hilal ndi dera la nyumba zikuluzikulu za mipanda yaitali, misewu yake ili zii, osaona ngakhale nkhuku. Tinapeza geti la nyumba ya madamuwo, ndipo ndinapempha Bambo Zulu kuti andidikire ndi bokosi, poti sindinafune kulowa m'nyumba ya eni ndi chitsulo chadzimbiri. Agnes anatsegula kageti kakang'ono atavala epuloni, manja ali ndi ufa. Anali chithunzi cha mayi ake, kungoti wamtali. Tinakumbatirana ngati tinadziwana kale, ndipo anandinong'oneza kuti madamu si munthu woipa, koma lero mutu wawo uli pa alendo.

Madamuwo anali mayi wachikulire wovala zakuda, wa maso akuthwa. Sanandifunse chimene ndadzera. Anandikhazika pa mpando wofewa, n'kundipatsa zipatso za kanjedza ndi khofi wowawa m'kakapu kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Ndinamwa msanga kuti tiyambe nkhani, n'kubweza kapu. Anathiramo wina. Ndinamwanso, anathiranso. Kwathu kukana cha mwini nyumba ndi mwano, ndiye ndinapitiriza, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Nditafika kapu yachisanu, Agnes anandiponda phazi n'kundiuza kuti ndigwedeze kapuyo, ndiko kunena kuti ndakhuta. Ndinaigwedeza ndi mphamvu zanga zonse, madamu n'kuphulika ndi phwete.

Kuseka kumeneko kunanditsegulira njira. Ndinafotokoza za madzi, za amayi, za makiyi, Agnes akumasulira m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu. Madamu anati akufuna alione bokosilo. Nditatuluka kukalitenga, patatha pafupifupi ola lathunthu, ndinapeza Bambo Zulu ataliika pa mpando wakutsogolo, atalimanga lamba, iwo ataima panja pa dzuwa kukambirana ndi mlonda wa nyumba yoyandikana, maso ali pa galimoto. Pomwepo ndinadziwa kuti kiyi wachitatu wapeza mwini wake.

Madamu analizungulira bokosilo, n'kugwira loko aliyense. Anafunsa ngati ine wolinyamula ndili ndi kiyi, ndipo atamva kuti ndilibe anagwedeza mutu movomereza. Anati nawonso ali ndi gulu la azibale awo losonkherana mwezi ndi mwezi, ndipo amadziwa zimene ndalama imachita ikagona kwa munthu mmodzi. Kenako analoza pamene bokosilo linaphwanyika pangodya n'kufunsa chimene chinachitika. Agnes sanamasulire funsolo. Anayankha yekha, mwachidule, maso ali pansi. Sindinamve mawu ake. Atamaliza, madamu anati Agnes ayale chakudya patebulo, alendo adzitumikira okha, ndipo abwere dzuwa lisanalowe.

Tinachoka ku Al Hilal 2 koloko itakwana. Lovemore tinamutenga pa siteshoni ya sitima, atavala suti ya buluu ndi nsapato zonyezimira ngati akupita kukafunsira mbeta. Msewu wopita ku West Bay, kumene kuli nyumba zazitali za magalasi, unali wodzaza. Ine khofi uja anali akundithamangitsa mtima, Lovemore akukuwa kuti yala, yala, tiyeni, Bambo Zulu akuyendetsa mosatekeseka n'kumatiuza kuti sanalipirepo chindapusa chiyambire ndipo sayamba lero. Tinafika pa hotela ya msonkhano kutatsala mphindi khumi. Alonda a pakhomo analowetsa bokosi m'makina awo, n'kuyamba kufunsa mafunso, koma Lovemore analankhula nawo chilankhulo cha alonda okhaokha, ndipo tinadutsa.

Holoyo inali yozizira kuposa zonse, yodzaza anthu a masuti ndi a mikanjo yoyera. Amene analankhula ine ndisanaitanidwe anaonetsa zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika. Ine ndinali nditalemba masamba anayi, koma dzina langa litatchulidwa ndinawasiya pampando. Ndinaika bokosi patebulo n'kunena kuti ndalinyamula kuchokera ku Malawi, koma sindingathe kulitsegula, ndipo zimene zili m'katimo sindikuzidziwa. Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ndinaitana atatu aja, aliyense n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake: mlonda, wantchito wa m'nyumba, dalaivala.

Agnes anasomola kansalu kake ndi mano. Loko wake anatseguka, wa Lovemore chimodzimodzi. Wa Bambo Zulu anakana. Anali loko wakale amene anamwa madzi a Shire, ndipo ali ndi kagwiridwe kake kamene mwini wake yekha amakadziwa. Bambo Zulu anapotokola, anauzira, anatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija. Mphindi zanga zinali kutha. Kenako Lovemore anakumbukira zimene ankaona ali mwana, n'kuwauza kuti akankhire loko m'kati kaye asanapotokole. Loko analira, holo yonse n'kuwomba m'manja ngati tagoletsa chigoli.

Ndalama munalibe, poti amayiwo anali atagawana kale za chaka chimenecho. Munali botolo la mbewu ya mapira lotsekedwa ndi phula, chitenje chakale chothimbirira matope, ndi kapepala kopindidwa. Agnes atangoona chitenjecho anagwira pakamwa. Ndinamupatsa maikolofoni osaganiza n'komwe, ndipo analankhula m'Chingerezi chake cha kukhitchini, chimene aliyense anachimva. Anati chitenjecho ndi cha mayi ake. Chaka chimene madzi analowa m'mudzi, bokosi linali m'nyumba yoyandikana ndi yawo, kwa mayi wina amene anali ndi ana awiri oti anyamule. Mayi ake analibereka kumsana ndi chitenje chimenechi, n'kukwera nalo mumtengo, kumene anakhala mpaka tsiku lotsatira. Ngodya ija inaphwanyika pa nthambi. Madzi ataphwa, ndalama za m'bokosimo ndizo zinagula mbewu ya mabanja onse a m'gululo, ndipo mapira a m'botolowo ndi zidzukulu za mbewu imeneyo.

Kapepala kaja ndinakawerenga ine, poyamba m'Chichewa monga kanalembedwera, kenako n'kumasulira.

"Ife takalamba, kubereka bokosi tatopa nako. Foni tikuifuna. Koma ikhale ya makiyi atatu."

Kenako mayi wina wa magalasi amene anakhala kutsogolo, yemwe ndinamva pambuyo pake kuti ndiye ankayankha makalata athu aja, anakweza dzanja. Anafunsa ngati tikutanthauza anthu atatu, aliyense ndi nambala yake pa foni yake, ndalama osatuluka mpaka onse atavomereza. Ndinati ndi zomwezo zimene takhala tikulemba. Anavula magalasi n'kunena kuti zimenezo n'zotheka ndithu, iwo ankangoganiza kuti akutipeputsira ntchito. Sanalonjeze zakumwamba. Anati ayesa kaye ndi gulu la Mai Thomu mvula isanayambe, ndipo analemba dzina la mudzi m'kabuku kake, ine ndikumutchulira chilembo chimodzichimodzi.

Titatuluka tinakhala pa mipando ya pakhonde la hotelayo kudya timasamusa ta msonkhano, Lovemore akulongedza tina m'thumba la suti kuti akagawire mnzake wa ku Nepal uja. Nthawi yotseka bokosi itakwana, Agnes anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kukhoma. Mwana wa Mai Thomu ndithu. Ndinamva akuikamo kanthu, maloko n'kulira katatu. Kenako anapempha singano ndi ulusi kwa wolandira alendo, n'kusokera kiyi aliyense m'kansalu kake, mwakachetechete, misozi ikugwera pa epuloni imene anaiwala kuvula. Bambo Zulu anamubweza ku Al Hilal dzuwa likadali pamwamba pa mipanda, ndipo za ulendo wobwererawo anakana kulandira kanthu.

Ndinafika pa Nchalo Loweruka masana, fumbi la kwathu likundilandira. Lolemba ndinapita kumudzi kuja pa njinga yamoto, bokosi nditalimanga kumbuyo. Amayi anali atakhala kale pa mphasa pansi pa mtengo. Ndinali ndi nkhani zodzaza m'kamwa, za sitima yopanda woyendetsa, za khofi, za mayi wa magalasi, koma Mai Thomu anakweza dzanja kuti ndidikire. Ndinaima chiimire pa dzuwa. Anatenga tinsalu titatu tija n'kutiyang'ana kamodzikamodzi, akuyendetsa chala pa ulusi. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti ulendo wonse uja sindinanyamule bokosi lokha. Amayi amene madzi anawalanda nyumba, mbuzi ndi minda anatsala ndi chinthu chimodzi chimene sichinapite, ndicho kudziwa kuti palibe mmodzi wa iwo angatsegule yekha. Ine ndinatsala pang'ono kuchidula ndi lezala la K200.

Mai Thomu anafika pa kansalu komaliza, n'kukayandikiza kumaso. Anakhala nako nthawi yaitali.

"Kasokedwe aka ndi ka Agnes," anatero. "Amathinitsa kumapeto, sanasinthe."

Anakapsompsona, n'kusendera pang'ono kuti pa mphasa papezeke malo.

"Khalani pansi, mwanangu. Tiuzeni, mwana wanga wanenepa?"